Pulinta yasiya kusindikiza kompyuta italandira Windows 11: ndiyambire pati?

Mayi wa kasitolo ka mapepala, Kapata, Chipata

Moni kwa inu nonse, akuluakulu ndi achinyamata amene mumadziwa za makompyuta. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa masiku 4 tsopano, ndipo ndilifotokoza mwatsatanetsatane kuti amene angandithandize asavutike ndi kundifunsa mafunso ambiri.

Ndili ndi kasitolo pafupi ndi msika wa Kapata, momwe timatayipira anthu makalata, kusindikiza ndi kufotokopa. Amene amatidyetsa kwenikweni ndi ofuna makalata ofunsira ntchito, mabanja ofuna mapulogalamu a maliro kapena a ukwati, ndiponso aphunzitsi amene amabweretsa mayeso a kumapeto kwa temu, ndipo mwezi uno wa Novembala ndi umene ntchito ya mayesoyo imachuluka. Tili ndi makompyuta awiri. Yakutsogolo ndiyo yolumikizidwa ndi pulinta pa chingwe cha USB, pomwe yakumbuyo, imene mwana wa mchemwali wanga amatayipirapo, imatumiza ntchito ku pulinta yomweyo kudzera mu yakutsogoloyo, popeza onse awiri ali pa rauta imodzi. Pulintayo ndi yaing'ono ya leza, yosindikiza zakuda zokha, ndipo ndakhala nayo zaka 9 osandivuta, kupatula kusintha tona.

Kwa zaka zambiri makompyuta onsewa anali pa Windows 10, ndipo ndivomere kuti ma update ndinawaletsa kalekale poopa kuti azindimalizira mabandulo. Nditamva kuti Windows 10 yasiya kulandira chitetezo kuyambira pa 14 Okutobala 2025, ndinatuma mnyamatayo kuti akaike Windows 11 mu kompyuta yakutsogolo kwa mnzake amene ali ndi intaneti yamphamvu. Yakumbuyo inakana, akuti ilibe chinthu chotchedwa TPM 2.0. Kompyuta inabwera Lolemba ikuyenda bwino, mafayilo onse ali m'malo mwake, koma kuchokera tsikulo pulinta sinatulutse ngakhale pepala limodzi.

Ndikatumiza chikalata, chimangokhala pamzere wa ntchito zodikira, moti pano zaunjikana zikalata 14 zimene zikukana ngakhale kufufutidwa. Pa mndandanda wa mapulinta dzina la pulinta yanga likuoneka kawiri, lachiwiri lili ndi mawu akuti Copy 1 kumapeto, ndipo pansi pa loyamba palembedwa kuti Driver is unavailable. Kompyuta yakumbuyo nayo ikulemba kuti Windows cannot connect to the printer, ndi nambala iyi: 0x0000011b. Pulintayo ikuyaka, kanyali kake kobiriwira kakuwala monga mwa masiku onse. Driver (pulogalamu imene kompyuta imayendetsera pulinta) imene takhala tikugwiritsa ntchito inachokera pa CD imene inabwera ndi pulintayo, ndipo CD yomweyo ndikadali nayo.

Wina wandiuza kuti pulinta yakalamba, ndigule ina, koma mtima wanga ukukana kuti makina amene amagwira bwino Loweruka afe Lolemba popanda kugwa kapena kupsa. Sindikuimba mlandu aliyense, ndikungofuna kudziwa ngati vuto lili mu pulinta kapena mu kompyuta, ndiponso ngati kubwerera ku Windows 10 kungakhale kwanzeru.

Mphunzitsi wa zamakompyuta, Katete

Amayi, pepani ndi vutoli, makamaka poti lagwa pa nthawi imene ntchito yachuluka. Musafulumire kugula pulinta ina, kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba tiyeni titsimikize kuti makinawo ali moyo, ndipo mwayi muli nawo chifukwa muli ndi kompyuta yachiwiri imene sinasinthidwe. Zulani chingwe cha USB pa kompyuta yakutsogolo, mukachilowetse pa yakumbuyo, muike driver ya pa CD ija, kenaka musindikize tsamba limodzi. Likatuluka, mwadziwa kuti pulinta, chingwe ndi tona zonse zili bwino, komanso mwapeza posindikizira makasitomala anu lero lomwe pamene mukukonza inzakeyo modekha.

Za zikalata 14 zokakamirazo, mu Windows muli kapulogalamu kotchedwa Print Spooler, kamene kamalandira chilichonse chimene mwatumiza n'kuchiika pamzere. Zimakhala monga kuchigayo: thumba loyamba likatsekereza makina, onse amene afola kumbuyo amangokhala, ngakhale chimanga chawo chili chouma bwino. Kuti mumasule mzerewo, zimitsani pulinta, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe services.msc, ndipo pa mndandanda umene utuluke mupeze Print Spooler n'kudina Stop. Kenaka tsegulani foda iyi: C:\Windows\System32\spool\PRINTERS. Kompyuta ikakufunsani chilolezo, vomerani. Fufutani zonse zimene zili m'katimo, koma fodayo muisiye. Musaope kuti makalata a anthu atayika, chifukwa zimene zili mmenemo ndi makope ongodikira kusindikizidwa, pomwe mafayilo enieni ali komwe munawasunga. Mukatha, bwererani pa Print Spooler mudine Start. Ife kusukulu timachita zimenezi kawirikawiri magetsi akazima ntchito yosindikiza ili pakati.

Za kubwerera ku Windows 10, khomo lake limakhala lotsegula kwa masiku 10 okha kuchokera tsiku limene Windows 11 inaikidwa. Mumalowa mu Settings, System, Recovery, n'kudina Go back. Zimenezi zimadalira foda yotchedwa Windows.old, choncho muuze mnyamatayo asaifufute pofuna kupeza malo. Masiku 4 apita kale. Ngati zina zonse zalephera, ine ndikanabwerera masikuwo asanathe, kuti ntchito ya mayeso isaime.

Wophunzira wa pakoleji, Petauke

Amayi, nambala ya 0x0000011b ndinakumana nayo chaka chatha pa makompyuta a kunyumba, ndipo inatha nditasintha kanthu kamodzi mu Registry, malo amene Windows imasungira malamulo a kayendedwe kake. Pa kompyuta imene ili ndi pulinta, tsegulani regedit, pulogalamu yosinthira za mu Registry, mupite pa HKEY_LOCAL_MACHINE\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\Print, mupange DWORD (kamzere kosunga nambala) yatsopano ya dzina lakuti RpcAuthnLevelPrivacyEnabled, muiike pa 0, ndipo muzimitse kompyuta n'kuiyatsanso. Kwa ine zinatenga mphindi 5 zokha. Za driver, pa intaneti pali mapulogalamu aulere amene amafufuza okha madriver onse osowa n'kuwaika, choncho simufunika kuvutika kufunafuna.

Wokonza makompyuta, Down Shops, Chipata

Amayi, zimene anena aphunzitsi a ku Katete zokhudza kuyesa pulinta pa kompyuta yakumbuyo ndi kumasula mzere ndi zoona, ndipo yambani ndi zimenezo. Mmene mwafotokozera, ine ndikuona mavuto awiri osiyana amene abwera tsiku limodzi: la driver pa kompyuta yakutsogolo, ndi la kulankhulana pakati pa makompyuta awiriwo. Musawasakanize, ndipo lachiwirilo musalikhudze loyamba lisanathe.

Driver ndi pulogalamu imene imamasulira chikalata chanu m'chinenero chimene pulinta imamva. Mapulinta akuluakulu a m'maofesi amamva zinenero zodziwika monga PCL kapena PostScript, choncho driver wamba imatha kuwayendetsa. Koma mapulinta ang'onoang'ono otsika mtengo, monga imene mukufotokozayo, ambiri alibe nzeru yokwanira m'kati mwawo: ntchito yonse yosandutsa tsamba kukhala timadontho imachitikira mu kompyuta, ndipo pulinta imangolandira zopsa kale. Pulinta yotere ikasowa driver yake yeniyeni, kanyali kamayaka bwinobwino koma siigwira kanthu. Driver ya pa CD ya zaka 9 zapitazo inalembedwa Windows 11 kulibe, popeza Windows 11 inatuluka mu Okutobala 2021, ndiye sizodabwitsa kuti yatsalira panjira.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri pa benchi yanga ndi kuika driver yatsopano pamwamba pa yakale. Yakaleyo iyenera kuchoka ndi mizu yomwe. Zulani chingwe cha USB kaye. Lowani mu Settings, Bluetooth & devices, Printers & scanners, muchotse mayina onse awiri, loyamba lija ndi la Copy 1. Kuchotsa dzina sikuchotsa driver, choncho dinani Windows ndi R, mulembe printui /s /t2, ndipo mudzaona mndandanda wa madriver onse a mapulinta amene ali mu kompyutamo. Sankhani ya pulinta yanu, dinani Remove, ndipo musankhe Remove driver and driver package. Ikakana ponena kuti driver ikugwiritsidwa ntchito, imitsani Print Spooler n'kuiyambitsanso monga anenera aphunzitsi, muyesenso nthawi yomweyo. Mukatha, zimitsani kompyuta ndi kuiyatsanso.

Driver yatsopano muitenge pa webusaiti ya kampani imene inapanga pulintayo, polemba nambala ya mtundu wake monga ilili pa chikwangwani cha kutsogolo kapena kumbuyo kwa makinawo, osadumpha ngakhale chilembo chimodzi. Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha, choncho ya 32-bit musaitenge. Ngati palibe yolembedwa Windows 11, ya Windows 10 ya 64-bit imagwira nthawi zambiri. Chingwe muchilowetse pokhapokha pulogalamu yoikayo ikakuuzani, chifukwa mukachilowetsa msanga Windows imathamangira kudzisankhira yokha driver, ndipo mumabwerera pomwe munali. Mng'ono wanga wa ku Petauke andikhululukire, koma mapulogalamu aulere ofufuza madriver sindiwalola pa kompyuta ya kasitomala aliyense. Ndatsuka makompyuta ambiri amene anadzaza ndi zotsatsa malonda ndi zinyalala zina chifukwa cha mapulogalamu amenewo, ndipo ena amasintha ngakhale madriver amene analibe vuto.

Dzina la Copy 1 nthawi zambiri limabadwa pamene chingwe chalowetsedwa pa kabowo kena ka USB kosiyana ndi kakale. Kompyuta yanu inanyamulidwa n'kubwezedwa, ndiye ndikuganiza kuti ndi zimene zinachitika. Mukaika driver, tsegulani Printer properties, muone pa Ports ngati pulinta yaikidwa pa port ya USB, monga USB001 kapena USB002, osati pa LPT1 kapena FILE. Pa General pali batani la Print Test Page. Tsamba limenelo likatuluka, vuto loyamba latha. Muonenso pa tsamba la Printers & scanners kuti Windows protected print mode ndi yozimitsa. Chinthu chimenechi chinabwera ndi Windows 11 ya 24H2, ndipo chikayatsidwa chimachotsa mapulinta onse odalira driver ya kampani ina osati ya Microsoft. Mwachibadwa chimakhala chozimitsa, koma munthu akhoza kuchiyatsa osadziwa. Kumeneku ndi komwe zinthu zikulowera: mu 2023 Microsoft inalengeza kuti pang'onopang'ono isiya kugawa madriver a makampani a mapulinta kudzera mu Windows Update, ndipo ikulimbikitsa mapulinta ogwiritsa ntchito njira ya IPP, imene siifuna driver ya kampani yopanga pulinta, ndipo ali ndi chizindikiro cha Mopria chotsimikizira zimenezo. Tsiku limene mudzagule pulinta ina mudzakumbukire zimenezi, koma tsikulo silinafike.

Tsopano za 0x0000011b. Mu 2021 munapezeka mipata ingapo mu Print Spooler imene akuba a pa intaneti akanatha kuloweramo, ndipo wodziwika kwambiri ndi umene unatchedwa PrintNightmare. Update ya mu Seputembala chaka chomwecho inayamba kukakamiza kuti kompyuta yogawa pulinta izilankhula ndi anzake mwa njira yotetezedwa kwambiri. Kompyuta yanu yakutsogolo tsopano ikutsata lamulo limenelo, pomwe yakumbuyo, imene munailetsa ma update, ikulankhulabe mwakale, ndiye inzakeyo ikuikana. Zimene wanena mng'ono wangayu zimagwiradi, sananame, koma zimene nambala 0 ija imachita ndi kuchotsa loko amene anaikidwa dala. Kunyumba kwa munthu mmodzi mwina n'kutseka maso, koma pa sitolo pamene pamalowa mafulashi a anthu osiyanasiyana tsiku lililonse, komanso pamene pamasungidwa makope a mareji ndi masatifiketi a anthu, ine sindingakuuzeni kuti muchotse lokoyo. Pa chifukwa chomwechi ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi pa nkhani yobwerera ku Windows 10. Kompyuta imene imalandira mafulashi a makasitomala ndiyo ifunika chitetezo koposa, ndipo pulinta ikagwira pa yakumbuyo palibe chokuthamangitsani.

Njira yoyenera ndi kulola kompyuta yakumbuyo kulandira ma update onse amene inaphonya. Ngakhale Windows 10 yasiya kulandira atsopano, amene anatuluka kale akadalipo, ndipo muifikitse pa 22H2, umene ndi mtundu womaliza wa Windows 10. Zidzadya magigabaiti angapo, choncho gulani bandulo ya usiku kapena muitengere kwa mnzake wa mnyamatayo. Ikafika pa 22H2 ikhoza kulembetsedwanso mu dongosolo la Microsoft lotchedwa ESU, limene linalengezedwa kuti lipitiriza kupereka chitetezo ku Windows 10 mpaka pa 13 Okutobala 2026. Pa yakutsogolo, lowani mu Network & internet muone ngati netiweki yanu yalembedwa Private osati Public, chifukwa pa Public kugawa pulinta kumatsekedwa, ndipo mu Advanced sharing settings muyatse File and printer sharing. Popeza mwachotsa pulinta n'kuiikanso, muyeneranso kudina Share this printer mu Printer properties, ndipo muipatse dzina lalifupi lopanda mipata.

Ngati nambalayo ikubwerabe, pali njira ina yosachotsa loko. Pa yakumbuyo muike driver, musankhe kuwonjezera pulinta pamanja ngati local printer, mupange port yatsopano ya mtundu wa Local Port, ndipo pa dzina lake mulembe timizere tiwiri topendekera kumbuyo, dzina la kompyuta yakutsogolo, kamzere kamodzi, ndi dzina la pulinta, mwachitsanzo \\KUTSOGOLO\PULINTA. Ndakonza maofesi angapo motere.

Mayi wa kasitolo ka mapepala, Kapata, Chipata

Zikomo kwambiri Aphunzitsi, zikomo Bambo a ku Down Shops, ndi iwe mwana wanga wa ku Petauke, zikomo chifukwa unayankha ndi mtima wofuna kuthandiza. Ndabwera kudzanena mmene zayendera, kuti wina akadzakumana ndi zomwezi adzapeze nkhani yonse.

Lachisanu m'mawa tinasamutsira chingwe ku kompyuta yakumbuyo, tinaika driver ya pa CD, ndipo tsamba loyamba linatuluka loyera bwino. Mtima unakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo tsiku lomwelo tinamaliza mayeso a makalasi atatu amene anali atatsala pang'ono kupita kwina. Loweruka madzulo titatseka, ine ndi mnyamatayo tinakhalira kompyuta yakutsogolo. Zikalata 14 zija zinachoka titafufuta za mu foda ya PRINTERS. Driver yakale inakana kuchoka kawiri, ikunena kuti ikugwiritsidwa ntchito, koma titaimitsa Print Spooler n'kuiyambitsanso, ulendo wachitatu inachoka. Pa webusaiti ya kampani panalibe driver ya Windows 11, choncho tinatenga ya Windows 10 ya 64-bit, ndipo ndinadabwa kuti inali yaing'ono moti sinadye bandulo yambiri. Mnyamatayo anavomera kuti pobweza kompyuta chingwe anachilowetsa pa kabowo ka USB ka kutsogolo kwa kompyutayo m'malo mwa ka kumbuyo kumene chinkakhala. Tachibwezera kumbuyo ndipo ndamata kapepala pamenepo kuti asadzasokonezenso. Tsamba loyesera linatuluka cha m'ma 19 koloko.

Netiweki inalidi pa Public, ndipo taisintha. Za Registry sindinakhudze, ndipo ku Windows 10 sindibwerera. Kompyuta yakumbuyo yakhala ikulandira ma update usiku kawiri tsopano koma sinamalize, ndipo nambala ija ikubwerabe, choncho pakali pano ntchito tikuisamutsa ndi fulashi yathu imodzi, yosabwereketsa. Tinayesa njira ya Local Port, koma titalemba dzina inayankha kuti Access is denied. Pa kompyuta yakutsogolo ndimalowa ndi PIN ya manambala anayi. Kodi pamenepa ndichite chiyani?

Wokonza makompyuta, Down Shops, Chipata

Amayi, ndakondwa kuti makina akugwira. PIN imagwira pa kompyuta yomweyo yokha, siidutsa pa netiweki, ndiye chifukwa chake yakumbuyo ikukanizidwa. Pa yakutsogolo lowani mu Settings, Accounts, Other users, mupange akaunti ina ya pa kompyuta pomwepo, yosakhala ya administrator, ndipo muipatse pasiwedi yolimba imene simuigwiritsa ntchito kwina. Dzina lenileni la kompyutayo muliona mu Settings, System, About. Kenaka pa yakumbuyo tsegulani Credential Manager, musankhe Windows Credentials, mudine Add a Windows credential, ndipo mulembe dzina la kompyuta yakutsogolo, dzina la akaunti yatsopanoyo ndi pasiwedi yake. Mukatero bwerezani kupanga Local Port ija. Password protected sharing muisiye yoyatsa. Ma update a yakumbuyo musawadule pakati ngakhale njirayi itagwira, ndipo akamaliza mundiuze ngati 0x0000011b yachoka.